Bondo latsopano ndi ulendo wa pa sitima: vuto lili pa doko

Mayi wina wandilembera imelo. Mwezi wamawa akukachitidwa opaleshoni yochotsa bondo lakumanja n'kuikapo lochita kupanga, ndipo ana awo akufuna kuwatengera ku ulendo wa masiku 7 pa sitima yapamadzi m'nyanja ya Mediterranean, patangotha masabata 9 chichitikireni opaleshoniyo. Akufunsa kuti ndi sitima iti imene ili ndi spa (malo osisitira ndi kuthowa thupi), dziwe losambira ndi jimu zabwino, zoti zithandize bondolo kuchira msanga.

Mayi, funso lanu ndi limene ogulitsa maulendowa amafuna kuti muzifunsa, chifukwa yankho lake lili kale m'timabuku tawo ta zithunzi zokongola. Simudzapezamo chithunzi cha kamlatho kotsikira pa doko katapendekeka chifukwa madzi aphwa, kapena cha mzere wa anthu mazana atatu akudikira boti padzuwa popanda pokhala. Spa siichiritsa bondo. Chimene chimapweteka munthu wa bondo latsopano pa ulendo wotere ndi kufika pa sitimayo, kutsikamo m'mawa ndi kukweranso madzulo.

Tiyambe ndi masabata 9 amenewo. Pa nthawi imeneyi ambiri amakhala atasiya ndodo ziwiri, ena akuyendera imodzi, ndipo bala limakhala litapola. Koma bondo limatupabe madzulo, makamaka tsiku limene mwaima kwambiri, ndipo kutupa kotere kumatha miyezi ingapo. Kuti mukhale pa mpando wamba n'kudzuka bwino, bondo liyenera kupindika madigiri 90 kapena kupitirira pang'ono, ndipo kutsika masitepe kumafuna pafupifupi 100. A mafizo, amene amakuchititsani masewera olimbitsa bondo, amayeza zimenezi ndi kachipangizo kawo. Muziwafunsa nambala yake mlungu uliwonse, chifukwa nambalayo ikuuzani zoona kuposa mmene mukumvera m'mawa mutangomwa mankhwala opha ululu.

Choopsa kwambiri ndi magazi kuundana m'mitsempha ya mwendo. Opaleshoni ya bondo ili m'gulu la maopaleshoni amene amabweretsa vutoli kwambiri, n'chifukwa chake amakupatsani mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi kwa masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo ngoziyo imakhalapobe mpaka miyezi itatu. Mu 2007 bungwe la World Health Organization linanena kuti kukhala pansi pa ulendo wa maola 4 kapena kuposa kumawirikiza kawiri mwayi woti magazi aundane. Phatikizani ziwirizo. Madokotala ambiri a mafupa safuna kuti wodwala wawo akwere ndege ya mtunda wautali pasanathe masabata 6 mpaka 12, ndipo ena amaumirira pa miyezi itatu. Choncho mukapita kwa dokotala wanu musangofunsa ngati mungakwere sitima. Muwauze maola a ndege yokafikira pa doko, kuti musintha ndege kangati, ndi tsiku lenileni lonyamuka. Akavomera, pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira, kumene mwendo wa opaleshoniwo ungawongokere, valani masokosi othina a kuchipatala, imirirani ola lililonse, ndipo mukakhala muzigwedeza mapazi kukweza ndi kutsitsa. Mpando wa pa khomo lothawira ngozi sadzakupatsani, ngakhale uli ndi malo ambiri a miyendo, chifukwa wokhala pamenepo ayenera kukhala wamphamvu zothandiza ena. Chikuku cha pa bwalo la ndege chipempheni kudakali maola 48. Mufike mumzinda wa doko tsiku limodzi sitima isananyamuke, mwendo ugone pa pilo usiku wonse.

Tsopano za kukula kwa sitima, ndipo apa sindinyengerera. Sitima zikuluzikulu zimene zimatchuka chifukwa cha zosangalatsa zake ndi zimene simuyenera kukwera chaka chino. Icon of the Seas ya kampani ya Royal Caribbean, imene inayamba kunyamula anthu mu January 2024, ndi yaitali mamita pafupifupi 365 ndipo ili ndi nsanjika 20. Kumeneko n'kuposa mabwalo atatu a mpira mutawalumikiza. Chipinda chanu chikakhala kutsogolo pamene chodyera chili kumbuyo, kupita ndi kubwera katatu pa tsiku mwayenda kale pafupifupi makilomita awiri musanatsike n'komwe pa doko. Zikepe zilipo, inde, koma pa nthawi ya chakudya chamadzulo ndiponso zisudzo zikangotha zimabwera zitadzaza, ndipo munthu amene watopa ndi kudikira ndi amene amati ndingotsika pa masitepe, ndi nsanjika ziwiri zokha. Sankhani sitima ya pakatikati, ya anthu osapitirira zikwi ziwiri kapena zitatu.

Chipinda chikhale chapakati pa sitima, nsanjika za m'munsi, zitseko zisanu kapena khumi kuchoka pa zikepe. Pamenepo ndi pamene sitima imagwedezeka pang'ono. Zipsepse zachitsulo za pansi pa madzi zimachepetsa kupendekeka kwa uku ndi uku, koma kukwera ndi kutsika kwa mutu ndi mchira wa sitima sizikuletsa, ndipo kumeneko kumamveka kwambiri kutsogolo ndi pamwamba. Pali mtengo wotsika umene kampani imakusankhirani yokha chipinda masiku otsiriza. Ukaneni. Mungathe kupezeka kumapeto kwenikweni kwa khonde.

Taonani bafa ya chipinda wamba. Pakhomo pake pali chopunthwitsa chotalika ngati chikhatho, choletsa madzi kulowa m'chipinda. Usiku, magetsi ali ozima, sitima ikuyenda, mwendo wa opaleshoni sukwera bwino ndipo chala chimakodwa pomwepo. Mkati shawa ndi yopapatiza moti simungawerame, chimbudzi n'chachifupi, ndipo chogwirira chimakhala chimodzi kapena palibe. Choyanikira matawulo si chogwirira, chimazuka. Zipinda za anthu ovutika kuyenda zili ndi khomo lotakata masentimita 80 kapena kuposa, bafa yopanda chopunthwitsa, kampando kopinda ka m'shawa, zogwirira ndi chimbudzi chachitali. Zimakhala zochepa kwambiri pa sitima iliyonse ndipo zimatha miyezi yambiri ulendo usanafike. Ngati mukuyenda ndi ndodo imodzi yokha, sindikuona kuti n'chilungamo kulanda chipinda chotere munthu wa pa chikuku amene sangalowe n'komwe m'chipinda wamba. Lembani fomu ya ofunika chithandizo chapadera, mupemphe kampando ka m'shawa ndi chokwezera chimbudzi, ndipo muitumize kudakali masiku 30 mpaka 60. Mukadikira kukapempha mutakwera kale, mudzapeza zonse zitagawidwa. Zikuku za pa sitima n'zokwezera ndi kutsitsa anthu tsiku loyamba ndi lomaliza basi. Chanu cha mlungu wonse mubwereke ku makampani ngati Scootaround kapena Special Needs at Sea, amene amakasiya m'chipinda mwanu, koma dziwani kuti njinga yamagetsi ya ovutika kuyenda iyenera kugona m'chipinda, m'khonde saloleza, ndipo pakhomo la chipinda wamba zambiri sizilowa.

Chachikulu pa zonse ndi mndandanda wa madoko. Pa madoko ena sitima siifika pa gombe, imaima patali, ndipo anthu amapita kumtunda pa timaboti totchedwa tender. Pa mndandanda amaika kachizindikiro ka nangula, kapena timawu ting'onoting'ono pansi. Kukwera boti lotere kumachitika chonchi: mumatsika masitepe achitsulo, nthawi zambiri onyowa, kufika pa kansanja ka m'mbali mwa sitima. Botilo likukwera ndi kutsika ndi mafunde pamene kansanjako kali chiimire. Amalinyero awiri amakugwirani m'mikono, amadikira kuti boti lifike pofanana ndi kansanja, n'kukuuzani kuti pondani tsopano. Thupi lonse limagwera pa mwendo umodzi, pa chinthu chimene chikuyenda, ndipo mwendo wake simusankha ndinu. Bondo la masabata 9 silinakonzekere zimenezo. Santorini ku Greece, Cannes ndi Villefranche ku France ndi madoko otere, ndipo ku Caribbean ndi Grand Cayman ndi Belize City. Ku Santorini mukafika pa doko lakale tauni ya Fira imakhala pamwamba pa phiri, ndipo njira zake ndi ngolo ya pa chingwe, imene mzere wake umatha kupitirira ola sitima zikakumana zingapo, kapena masitepe oposa 580 amene abulu amayendamonso. Ulendo umene uli ndi madoko otere awiri mwa asanu, mwalipira pachabe masiku awiri.

Ngakhale madoko amene sitima imakocheza pa gombe ali ndi chinyengo chake. Pakalembedwa kuti Rome, sitima imaima ku Civitavecchia, makilomita pafupifupi 80 kuchoka mumzindawo. Pakalembedwa kuti Florence, imaima ku Livorno, makilomita pafupifupi 90. Ndiye kuti ola ndi theka m'basi bondo lili chipindikire, maola asanu pa misewu ya miyala yosalingana, kenako m'basi muja kachiwiri. Ku Venice boma la Italy linaletsa sitima zikuluzikulu kudutsa mu ngalande ya Giudecca kuyambira August 2021, moti zambiri zimaima ku Marghera, Ravenna kapena Trieste, ndipo mukafika mumzindamo milatho yake yambiri ndi ya masitepe. Wina adzakuuzani kuti ndiye kwerani sitima ya pa mtsinje, ya pa Rhine kapena Danube, poti kulibe mafunde. Musamvere msanga. Sitima zimenezi zimakocheza mogundizana ziwiri kapena zitatu, ndipo kuti mufike kumtunda mumadutsa m'sitima za ena, nthawi zina kukwera mpaka padenga n'kutsikanso, kumene chikepe sichifika.

Za chitetezo

Sitima ya Costa Concordia itagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy pa 13 January 2012, anthu 32 n'kumwalira, panali okwera mazana amene anali asanaphunzitsidwe kothawira. Kuchokera apo lamulo linasintha, ndipo phunzirolo limachitika sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. Masiku ano makampani ambiri amangoti muonere kanema pa foni n'kukaonekera pa malo anu osonkhanira. Mukafika pamenepo muwauze kuti akulembeni pa mndandanda wa ofunika kuthandizidwa, chifukwa pa ngozi zikepe sizigwiritsidwa ntchito ndipo amatumiza anthu okakutengani kuchipinda. Pa masitepe lamulo ndi lomwe lija la a mafizo: pokwera utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wa opaleshoni pamodzi ndi ndodo, dzanja lina lili pa chogwirira. Chitsulo cha m'bondo chingathe kuliza makina ofufuzira anthu, ku bwalo la ndege ndiponso nthawi iliyonse mukamabwerera m'sitima. Ingonenani musanadutse.

Mankhwala, ayezi ndi inshuwalansi

Mankhwala onse akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo muonjezere a masiku atatu kapena anayi. Masutikesi amafika kuchipinda madzulo. Tramadol ndi codeine mayiko ena, monga United Arab Emirates, amaziletsa kulowa popanda chilolezo. Mankhwala oletsa chizungulire cha panyanja amagonetsa, ndipo mukawaphatikiza ndi opha ululu amphamvu komanso kapu ya vinyo, mudzagwa m'khonde. Kafiriji ka m'chipinda kamangoziziritsa, sikaumitsa, choncho timatumba ta jelo toziziritsira bondo lotupa musavutike nato. Tengani thumba la labala loikamo ayezi, muuze wosamalira chipinda kuti azibweretsa ayezi m'mawa ndi madzulo. Mphindi 15 mpaka 20, kansalu pakati pa thumba ndi khungu, mapilo pansi pa katumba ndi chidendene, osati pansi pa bondo, kuopa kuti lingazolowere kukhala chopindika.

Kachipatala ka pa sitima kali ndi dokotala ndi manesi, koma n'kolipira, ndipo bilu imapita pa akaunti yanu ya m'sitima. Vuto likakula amakutsitsani pa doko lotsatira ndi katundu wanu, sitima n'kupita. Katumba akatupa n'kumapweteka, bala likafiira kapena kutuluka madzi, thupi likatentha kufika madigiri 38, pitani tsiku lomwelo. Kubanika kapena kupweteka pachifuwa, imbani foni ya ngozi nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Pogula inshuwalansi nenani za opaleshoniyo ngakhale isanachitike, ndipo muonetsetse kuti ikuphatikizapo maulendo a panyanja ndi kukunyamulani kubwerera kwanu. Mukabisa, tsiku lodandaula adzaitanitsa mafayilo a kuchipatala n'kukana kulipira.

Za spa zija. Dziwe musalowe mpaka dokotala atanena kuti bala latsekeka lonse, ndipo funsani ngati lili ndi masitepe olowera, chifukwa ambiri ali ndi makwerero oimirira okha, pamene pansi pozungulira n'poterera. Madzi otentha a jakuzi, kadziwe kokhalamo, amaonjeza kutupa. Mu jimu chokuthandizani ndi njinga yopalasa pamalo amodzi, mpando utakwezedwa, mphindi 10 mpaka 15. Idyani m'chodyera chimene amakubweretserani chakudya patebulo, mupemphe tebulo la pafupi ndi khomo ndi mpando wa zogwirira, poti mbale ndi ndodo sizinyamulika pamodzi.

Ine ndikuti uzani anawo asunthe ulendowu ufike mwezi wachinayi kapena wachisanu ndi chimodzi chichitikireni opaleshoni. Makampani ambiri amafuna ndalama zonse kudakali masiku 60 mpaka 120, ndiye pa masabata 9 mudzakhala mutalipira zonse musanadziwe n'komwe mmene bondo likuchirira, ndipo tsiku la opaleshoni nalonso limatha kusunthidwa. Ngati masiku sangasinthike, dokotala alembe kalata yovomera, musankhe ulendo wopanda doko la tender ngakhale limodzi, ndipo pa madoko asanuwo mutsike awiri okha, osatsatizana.