N'chifukwa chiyani anthu amakayikira boma limodzi la dziko lonse?

Achimwene, mu imelo yanu mwafunsa kuti: "Miliri ndi kusintha kwa nyengo sizidziwa malire. Nanga bwanji anthu amaipidwa akamva za boma limodzi la dziko lonse? Si umbuli umenewu?"

Ayi, si umbuli. Alipo ndithu ena amene amangoopa chifukwa cha maulaliki a chilombo ndi 666, koma ambiri ali ndi funso lomveka: boma limenelo likandilakwira, ndikadandaula kwa yani, ndipo ndingalichotse bwanji?

Ife Amalawi tinalawako kale. Mu 1953 Angerezi anaphatikiza Nyasaland (Malawi), Northern Rhodesia (Zambia) ndi Southern Rhodesia (Zimbabwe) kukhala Chitaganya, mafumu ndi a Nyasaland African Congress akukana poyera. Ankati tikakhala pamodzi chuma chikula. Chinakuladi, koma kwa eni ake. Likulu linali ku Salisbury (Harare wa lero), mafakitale ambiri anamera komweko, ife n'kutsala otumiza anyamata kumigodi ndi kuminda ya azungu. Pa 3 Malichi 1959 asilikali anawombera anthu padoko la Nkhata Bay, anthu amene anasonkhana poona abale awo omangidwa atakwezedwa m'sitima ya Mpasa. Chitaganya chinadzatha pa 31 Disembala 1963. Munthu amene anamva zimenezi kwa agogo ake simungamukope ndi mawu okoma okhaokha.

Taonaninso ku United Nations. Mu Security Council, nthambi yake yoona za mtendere ndi chitetezo, America, Britain, France, Russia ndi China, aliyense payekha angathe kugwetsa chigamulo. Africa, ndi mayiko ake 54, alibe mpando wokhazikika, chikhalirecho wakhala akuupempha kuchokera pa mgwirizano wa Ezulwini umene mayiko a mu Africa anapangana mu 2005. Tsono mukatchula boma la dziko lonse, munthu amangoona omwewa atakwera pampando wokulirapo.

Kukayikaku si kwa osauka okha. Mu 2016 anthu pafupifupi 52 pa 100 alionse amene anavota ku Britain anasankha kutuluka mu European Union, ambiri akudandaula za malamulo ochokera ku Brussels, likulu la bungweli. Kwame Nkrumah, mtsogoleri wa Ghana pa nthawiyo, nayenso anapempha boma limodzi la Africa ku Addis Ababa mu 1963, anzake anamukanira: ufulu anali atangoupeza kumene, ndani akanaupereka?

Ineyo mgwirizano ndimaufuna, koma woyambira pa zinthu zooneka ndi maso. Dalaivala wa thiraki asamagone masiku pachipata cha Mwanza kudikira mapepala, mayi wogula zitenje ku Chipata asamavutitsidwe pa Mchinji. Mabungwe a mayiko a m'chigawo chino, SADC ndi COMESA, ayambe alongosola zimenezi kaye.