Kwa mayi a ku Luchenza amene mwana wawo akuphunzira za "Ndine yani?"

Mayi, mwalemba kuti mtsikana wanu ali chaka choyamba ku yunivesite, ndipo akutenga phunziro lofufuza kuti munthu ndi chiyani, nanga chimene chimampangitsa kukhala iyeyo osati wina n'chiyani. Mwati pa holide wakutopetsani ndi mafunso: bwanji pakhomo simuyankhula Chilomwe, agogo anachokera kuti, bwanji chitupa chake chili ndi dzina la bambo pomwe mwini mbumba ndi amalume. Nkhawa yanu ndi yakuti fizi ikulowa m'madzi, komanso kuti mwana angasiye kupemphera. Ena akuti asinthe kosi. Ine ndikuti msiyeni, ndipo mafunso akewo muwayankhe.

M'kalasi zotere nthawi zambiri amayamba ndi René Descartes wa ku France, amene mu 1637 analemba kuti angakayikire china chilichonse, koma sangakayikire kuti akuganiza, choncho alipo. Kenako John Locke wa ku England, amene ankati ndiwe yemwe uja wa dzulo chifukwa ukukumbukira zimene unachita dzulo. Zikumveka bwino mpaka mutaganiza za gogo amene ukalamba wamulanda nzeru, mwana wake akam'patsa phala iye n'kufunsa kuti "ndinu a kwa yani?" Kodi wasiya kukhala gogo wathu? Palibe pamudzi angavomereze zimenezo. Timamusambitsabe, timamugwadirabe pom'patsa moni. Apa ndi pamene amabweretsa John Mbiti wa ku Kenya, amene mu 1969 anafotokoza kuti kwa ife munthu alipo chifukwa cha anzake. Makolo athu ananena kalekale kuti kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tiwanthu.

Koma ophunzira sauzidwa kuti angoombera m'manja umunthu. Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria ankati munthu sabadwa ali munthu wathunthu, amachita kukulira m'menemo posenza maudindo a pamudzi. Kwame Gyekye wa ku Ghana anatsutsa, nati khanda nalo ndi munthu kale, ndipo aliyense ali ndi mutu wake woti n'kuunika ngakhale mwambo wa kwawo. Ine ndili mbali ya Gyekye. Ndaonapo atsikana akusiyitsidwa sukulu chifukwa "abale agwirizana" kuti akwatiwe, ndipo wokana amanenedwa kuti alibe mwambo. Mwana wamkazi amene waphunzira kusiyanitsa ulemu ndi kuponderezedwa sanataye nthawi.

Tsono chimene chandilembetsa kwenikweni n'chakuti kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje funso limeneli si la m'mabuku a azungu ayi. Makolo a ambiri a ife anaoloka malire kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900, kuthawa nkhanza, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Kuno anapeza thangata: malo okhala pa esiteti ankalipira ndi thukuta. Anthu ankawanyoza ndi dzina lakuti Anguru, mpaka a Lewis Bandawe ndi anzawo m'zaka za m'ma 1940 analimbana nazo kuti boma lizitchula Alomwe. Koma manyazi anali atalowa kale m'nyumba. Mayi wothyola tiyi, dengu kumsana kuyambira m'bandakucha, ankanong'ona Chilomwe ndi mchemwali wake pamzere, kapitawo akayandikira n'kutembenuzira ku Chinyanja. Ana ake sanawaphunzitse, osati chifukwa cha ulesi, koma kuti asakasekedwe kusukulu. Mu 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko, pa wailesi ndi m'kalasi, ndiye Chilomwe chinangotsalira kwa okalamba. Lero kalembera wa 2018 akuonetsa kuti Alomwe ndi pafupifupi 19 pa 100 alionse, achiwiri kwa Achewa, koma oyankhula chiyankhulocho bwinobwino ndi ochepa. Mulhako wa Alhomwe unayamba nthawi ya a Bingu wa Mutharika, timasonkhana kwa Chonde mwezi wa October, timadya kalongonda, timavina tchopa, gule amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wake wa zikhalidwe mu 2014. Zonsezi n'zabwino, koma tsiku limodzi pachaka silingayankhe mwana amene akufuna kudziwa chifukwa chimene agogo ake anatsekera pakamwa.

Za dzina la pachitupa wafunsa bwino. Kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake, koma fomu ya kusukulu ndi ya boma imafuna dzina la bambo. Inuyo muli ndi dzina la ku ubwana, la ku ubatizo, ndipo pamudzi amakuitanani ndi dzina la mwana wanu woyamba. Mufotokozereni mmene lililonse linabwerera ndi amene ali ndi ufulu wokuitanani nalo.

Pa za chipembedzo musade nkhawa kwambiri. Mbiti anali wansembe wa Anglican, ndipo Descartes anali Mkatolika amene analemba zotsimikizira kuti Mulungu alipo. Mwana adzafunsa mafunso ovuta, inde, koma kufunsa si kugwa mumpingo.

Za ntchito sindikunamizani. Phunziro limodzi ili palokha silimulembetsa ntchito, ndipo ma digiri ambiri masiku ano akukhalitsa m'chikwama. Chimene adzatolapo ndi kuwerenga mozama, kulemba momveka ndi kutsutsa mfundo popanda kutukwana, zomwe mphunzitsi, mtolankhani, loya kapena wogwira ntchito m'mabungwe amadyera. Ngakhale yunivesite ya MUST pompano ku Ndata, yomwe ndi ya sayansi, ili ndi sukulu ya za chikhalidwe yotchedwa Bingu School of Culture and Heritage.

Akabweranso pa holide, ngati pali agogo kapena azakhali achikulire amene ali moyo, mupite naye. Mutenge kasuga ndi sopo, mukhale pamphasa osathamangira basi. Awafunse gulu la Alomwe limene amachokera, ngati ndi Amihavani, Amanyawa, Atakhwani kapena Akokhola, phiri limene makolo anachokera, ndi esiteti imene anafikira. Akalola, ajambule mawu pa foni. Akakana tsiku loyamba musawaumirize, mudzapitenso, chifukwa ambiri anakula akuuzidwa kuti zimenezi sanena pagulu.