Kodi milalang'amba "ikufiira"?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Pofotokozera ana mawu akuti redshift ndi blueshift, ndimati "kufiira" ndi "kubiriwira" kwa nyenyezi. Mnzanga akuti ndikuwasokoneza. Kodi akunena zoona? Mphunzitsi, Dedza.

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo ali ndi mfundo. Tikati chitsulo chafiira pamoto, maso amadzionera okha. Mlalang'amba wakutali, womwe ndi gulu lalikulu la nyenyezi, sufiira chomwecho. Akatswiri amagawa kuwala kwake m'mitundu ya utawaleza, ndipo m'menemo mumaoneka timizere takuda tobwera chifukwa cha haidrojeni ndi zinthu zina. Kamzere kalikonse kali ndi malo ake odziwika. Akapeza timizereto titasendera kumbali yofiira, amadziwa kuti mafunde a kuwala atanuka, kutanthauza kuti mlalang'ambawo ukutalikira. Choncho mneni woti ana agwire ndi "kusendera". Muziti kuwala kwasendera kofiira.

Akumbutseninso za ambulansi. Ikamabwera imalira ndi mawu aang'ono, ikangodutsa mawuwo amatsika n'kukhala abesi. Wasayansi Christian Doppler anafotokoza khalidwe limeneli la mafunde mu 1842.

"Kubiriwira" ndiye musiyiretu. Mwana akamva mawuwa amaganiza za chimanga cha mu Januwale, pomwe mtundu wobiriwira uli pakati pa utawaleza, osati kumbali ya buluu imene tikunena. "Buluu" ndi mawu athu kale, ngakhale agogo amawatchula pogula nsalu. Chinthu chikamatiyandikira, muziti kuwala kwasendera kwa buluu, ndipo chitsanzo chilipo: mu 1912 katswiri wa zakuthambo Vesto Slipher, ali ku Arizona, anapeza kuti mlalang'amba wa Andromeda ukutiyandikira pa liwiro la makilomita pafupifupi 300 pa sekondi.

Koma milalang'amba yambiri kuwala kwake kwasendera kofiira. Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium, mu 1927, ndi katswiri wa zakuthambo Edwin Hubble mu 1929, anaonetsa kuti mlalang'amba ukakhala kutali, kusenderako kumakulanso. Apa ndikupempha musanene kuti milalang'amba "ikuthawa". Wothawa amakhala ndi pomwe wachokera, ndiye ana adzayesa kuti ife tili pakatikati. Chomwe chikuchitika n'chakuti danga lenilenilo la pakati pa milalang'amba likutanuka, moti wokhala ku mlalang'amba wina angaonenso ifeyo tikutalikira. Ine ndimakonda kunena kuti chilengedwe "chikufutukuka", chifukwa chofutukuka chimatambasukira mbali zonse nthawi imodzi. "Kukula" sikulakwika, koma sikuonetsa zimenezi.