Akuti pasiwedi yanga yabedwa, kodi nditseke akaunti ya kubanki?

Funso: Ankolo, ine ndimachita geni ya zovala ndipo katundu wina ndimaoda pa intaneti. Dzulo ndalandira imelo yochokera ku kampani yomwe ndimaodako, akuti anthu ena athyola makompyuta awo nkutenga mayina athu, manambala a foni, ma imelo ndi mapasiwedi. Usiku wonse sindinagone. Nditseke akaunti ya kubanki? Mpamba wanga wonsetu uli mmenemo.

Yankho: Mayi, mtima m'malo kaye, akauntiyo musatseke. Zomwe zachitikazi ndi zimene amati data breach, kutanthauza kuti akuba alowa mmene kampani imasungira zinsinsi za makasitomala nkukopera, ndipo vuto si lanu, ndi la kampaniyo. Zimagwera ngakhale makampani akuluakulu, Yahoo inabeledwa mu 2013 ma akaunti onse 3 biliyoni ndipo kukula kwenikweni kwa nkhaniyo kunadzaululika mu 2017. Dzina ndi nambala ya foni pazokha sizingatulutse ndalama kubanki. Chimene chimapweteketsa anthu ndi zomwe zimabwera pambuyo pake.

Choyamba, imelo mwalandirayo musadine link iliyonse yomwe ili mmenemo, chifukwa akathyali nawonso amalemba ma imelo onamizira kuti ndi chenjezo. Tsegulani nokha webusaiti ya kampaniyo ngati mmene mumachitira masiku onse nkusintha pasiwedi komweko.

Ndiye ndikufunseni mosabisa, pasiwedi imeneyo ndi yomweyonso ya pa imelo, pa Facebook ndi pa app ya banki eti? Ambirife timatero, dzina la mwana kuphatikiza chaka chobadwa basi, paliponse yomweyo. Akubawo akudziwa zimenezi, amatenga imelo ndi pasiwedi zomwe abazo nkumaziyesa pa mawebusaiti ambirimbiri ndi makompyuta mpaka penapake patseguke. Yambani ndi imelo lero lomwe, poti munthu akalowa mu imelo yanu amangodina kuti waiwala pasiwedi pa ma akaunti ena onse, uthenga wosinthira nkumabwera kwa iyeyo, inu muli phee mukutumikira makasitomala. Akaunti iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake, yaitali, mawu anayi kapena asanu osagwirizana amaposa kakafupi kodzadza zizindikiro. Muyatsenso two-step verification, ija yofuna khodi yachiwiri polowa.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Pakapita masiku kapena miyezi foni idzalira, munthu wa mawu aulemu, akutchulani dzina lonse, imelo yanu akuidziwa, mwinanso katundu yemwe munaoda komaliza, nkunena kuti akuimba kuchokera kubanki ndipo wina akufuna kutapa ndalama zanu panopa, ndiye muwawerengere msanga khodi yomwe yangofika pafoni panu kuti atseke. Inu mtima uli thi thi thi mukuwerenga manambala aja, kumeneko ndiye kumutsegulira chitseko. Kudziwa dzina lanu si umboni wa chilichonse pano, zinthuzotu zili m'manja mwa akuba. Banki siipempha PIN kapena khodi pafoni. Dulani, imbani nokha nambala yomwe ili kuseri kwa khadi lanu la kubanki.

Khadi lija ngati munalisunga pa webusaitiyo, uzani banki ilitseke akupatseni lina, ndi zokwanira, akaunti ikhale momwemo. Yatsani mameseji oti ndalama ikangotuluka mudziwe, ndipo sitetimenti muziiwerenga mzere ndi mzere, tindalama ting'onoting'ono tosadziwika musatinyozere chifukwa akuba amayamba ayesa kaye ngati khadi likugwira. Netiweki ikangosowa pafoni panu pomwe anzanu ali nayo, thamangirani ku kampani ya foni tsiku lomwelo, mwina wina wapangitsa SIM ina pa nambala yanu kuti makhodi azifikira kwa iye.

Musaganize kuti mwezi ukatha bwinobwino ndiye zatha. LinkedIn, webusaiti yolumikizirana pa nkhani za ntchito, inabeledwa mu 2012, koma ma imelo ndi mapasiwedi a anthu oposa 100 miliyoni anadzatulukira pamsika mu 2016. Pali webusaiti ya Have I Been Pwned yomwe Troy Hunt, katswiri wa chitetezo cha pa intaneti, anayambitsa mu 2013, mumalembapo imelo yanu ulere nkukuonetsani kumene inatayikirapo, ambiri amadabwa nazo zomwe amapeza.

Kenako inunso mayi ndinu kakampani pa nokha. Manambala a makasitomala, kumene amakhala, zithunzi za ziphaso za omwe munawakongoza katundu, zonse zili mufoni yomwe mwina ana amaseweretsa madzulo. Ikeni loko, ndipo zithunzi za omwe anamaliza kubweza ngongole fufutani usiku uno.