Ng'amba ikunyanya, musatenthenso mapesi

Funso: Kwathu n'kouma kale, koma zaka zino zanyanya. Mvula imachedwa, ikagwa imagwa yamphamvu, kenako ng'amba ya masabata atatu. Chaka chatha ndinasosa bwino, kutentha mapesi onse ndi kuthira feteleza kawiri, koma chimanga chinafota chikumasula. Kodi ndiwonjezere feteleza?

Yankho: Bambo, mwanena nokha kuti munatentha mapesi. Apo mpamene panalakwika, ndipo zimandipweteka chifukwa chaka ndi chaka timalankhula zomwezi. Mapesi ndiwo chofunda cha nthaka. Mwaivula, dzuwa laiwamba miyezi yonse, pamwamba pachita chigamba cholimba. Mvula yamphamvu ija ikagwa pamenepo imangothamanga osalowa pansi. Munda wanu sindinauone, koma ndikutsimikiza kuti mutakumba patatha masiku awiri mvula itagwa mukanapeza dothi louma. Feteleza alibe mlandu, ndipo musawonjezere. Pa nthaka youma sasungunuka, amangowotcha mizu.

Kuti nyengo yasintha, mukunena zoona. Padziko lonse, chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse zam'mbuyo zimene zinalembedwapo. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula chinyezi chowonjezera ndi 7 peresenti, ndipo m'madera ouma chinyezicho umachikoka m'nthaka ndi m'masamba a mbewu zanu.

Ine mankhwala anga ndi maenje. Alimi a ku Burkina Faso amawatcha zai, ndipo malemu Yacouba Sawadogo, mlimi wa kumeneko, anadzutsa nawo minda imene inaferatu ndi chilala cha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ku Sahel, chigawo chouma cha kumwera kwa chipululu cha Sahara. Kumbani m'chilimwe, mulifupi masentimita 30, kuya 20, motalikirana masentimita 80. Dothi muunjike kumunsi kwa dzenje kuti litchinge madzi. Ikanimo manja awiri a manyowa owola bwino, mvula ikagwa yokwanira mubzale, pakati ponse muphimbire ndi mapesi. Chiswe musachiope, chimabowola njira zolowera madzi.

Ntchito ndi yowawa, maola ngati 300 pa hekitala, choncho yambani ndi kagawo kochepa. Pa ng'amba ya 2016 ndinaona mayi wina amene anakumba theka la munda wake. Mbali ya maenje inakhalabe yobiriwira masabata awiri mbali inayo itauma kale. Chaka chotsatira anamaliza munda wonse.

Mbewu musankhe yocha msanga, ndipo kumtunda kouma kwambiri ikaniko mapira kapena mawere.