Za ma PS5 zija mwafunsazi achimwene

Achimwene funso lanu ndaliona, mukuti nchifukwa chani gemu ikangotuluka kumene ngati PS5 ija ife timaigulitsa mtengo kuwirikiza pomwe pa intaneti mukuona mtengo wina, komanso mukufuna kudziwa ngati inunso mungalowe geni imeneyi. Mawu oti "kuba" aja ndawadumpha dala kkkk. Ine za Joni ndayenda zaka zambiri, ndinayamba ndi nsapato ndi mafoni, za magemuzi ndinazilowa mochita kukankhidwa ndi makasitomala, nde ndikuuzani mmene ndinazionera.

PS5 inatuluka pa 12 Novembala 2020 ku America, ku Japan ndi maiko ena ochepa, kwina kuphatikizapo ku Joni inafika pa 19. Mtengo wa eni ake a Sony unali $499 ya disiki, $399 yopanda disiki, ku Joni m'mashopu inali R11,999 ndi R9,999. Umenewo ndi mtengo munkauona pa intanetiwo, koma kupita mushopumo osaipeza. Nthawi imeneyo kunali Covid, anthu angokhala m'nyumba aliyense akufuna gemu, ma chip opangira zinthuzi akusowa dziko lonse mpaka mafakitale a magalimoto amaima, nde katundu akabwera amatha musanamalize nkulemba dzina lomwe. Mayi wa tomato pa Lizulu tomato akachepa amakweza mtengo tsiku lomwelo, koma Sony sangatero, iwo ndalama yawo yeniyeni ili pa magemu amene muzigula kwa zaka ndi zaka ndi ndalama za pamwezi zija za PlayStation Plus, makinawo ndi nyambo chabe, akangokweza anthu akwiya nkuthawira ku Xbox, gemu yopikisana nayo, imene inatulukanso sabata yomweyo pa $499 yomweyo. Nde pamakhala mitengo iwiri, wa pashelefu pomwe palibe katundu, ndi wa pamsewu pomwe katundu alipo. Mukukumbuka mafuta atasowa muja, pa filing'i mtengo uli womwewo koma pampu youma, kuseri anyamata a zigubu ali nawo pa mtengo wawo? Nzomwezo basi. Ndalama imene Sony anaisiya pakatipo wina amayenera kuitola.

Amene anaitola kwambiri si ife ayi. Ndi anyamata a ku America ndi ku UK amene anali ndi ma bot, timapulogalamu togula pa intaneti m'masekondi munthu usanadine nkomwe, amasesa katundu nkukamuika pa eBay, msika wa pa intaneti, pa $1,000 kapena kuposa. Ife a pa basi timabwera kumapeto kwa mzere, nthawi zambiri timagula kwa munthu amene waikapo kale yake. Yanga yoyamba ndinaigula mu Disembala 2020, m'mashopu ndinazungulira masiku atatu kulibe, kwina akuti imodzi pa munthu koma ya amene analembetsa kale, mapeto ake ndinakumana ndi mnyamata wina wa pa Facebook pamalo oimika magalimoto pa mall ina, iye ali mugalimoto injini osazimitsa, ine ndalama ndabisa mu sokosi, aliyense akuopa mnzake. Ndinamuuza kuti bokosi lomata ine sindigula, titsegule, tinakalowa mu kashopu kokonza mafoni ndinawapatsa kangachepe kuti tiilumikize pa TV yawo, itayaka ndinaonanso nambala ya pa makina ngati ikufanana ndi ya pabokosi, ndipamene ndinavula nsapato. Ndinalipira R17,000. Onani, ndisananyamuke nkomwe ku Joni mtengo uja mukuunena wapitirira kale ndi 5,000.

Tsono muyambe kuwonkhetsa. Marandiwo ku banki simuwapeza mmene mukufunira, mumagula kwa anyamata pa reti yawo. Basi kupita ndi kubwera, nthawi ija kunalinso satifiketi ya Covid yolipira, malo ogona, chakudya cha panjira, Beitbridge, Nyamapanda, kudutsa Tete mpaka Mwanza masiku awiri kapena atatu boda ikavuta. Chinthucho nchachikulu, makina okha makilo 4 ndi theka, bokosi lake ngati kasutikesi, ndipo simungaike mu telela pamodzi ndi mabelo ndi zidebe za penti, ine ndinayenda nayo pamiyendo nditaikuta chitenje ngati mwana wodwala, kutsika kukakodza ndikutsika nayo. Pa Mwanza pali msonkho ndi VAT, ndipo musanamizidwe ndi za STR zija za COMESA zochepetsera msonkho amalonda ang'onoang'ono odutsa pa boda, zimene zija ndi za katundu wopangidwa m'maiko athu konkuno, PS5 siilowamo. Chinanso chowawa, ukagula kwa munthu pamsewu ulibe lisiti la shopu, nde VAT ya ku Joni ija 15% imene mlendo amatha kubwezeredwa potuluka yapita, komanso pa boda opanda lisiti katundu amuwerengera mtengo okha. Mukaphatikiza zonsezi muona kuti pa mtengo munkauona ngati wakuba uja changa chinali chochepa kuposa cha mnyamata wa mugalimoto uja amene sanadutse boda iliyonse.

Koma chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi, pa geni imeneyi simukugulitsa makina, mukugulitsa kufulumira. Munthu akulipira kuti akhale nayo lero anzake asanakhale nayo. Ndipo kufulumira kumaola ngati nsomba yaiwisi. Mu Januwale 2021 South Africa inatsekanso maboda a pamtunda mpaka pakati pa Febuluwale, amene tinali ndi katundu kale kuno tinadyerera, ine ndinayamba kudziona ngati dolo. Ndinapitiriza chonchi 2021 yonse, 2022 nayonso, kenako kumapeto kwa 2022 ndinaoda zitatu pa mtengo wokwera opanda ndi oda yomwe, ndimvekere Khisimisi zipita zokha. Imodzi inapitadi. Mu Januwale 2023 a Sony analengeza kuti kusowa kuja kwatha, mashopu ku Joni anadzaza, aliyense wobwera pa basi akubwera nayo, kasitomala akukuonetsa foni kuti mnzanu uyu akugulitsa motsika. Ziwiri zija zinakhala pamwamba pa wadiropu miyezi, ndinazigulitsa moluza kuti mpamba ungobwerako. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, anali ine ameneyo.

Nde pali kwacha yathuyi. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25%, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44%, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700 tsiku limodzi. Ukhoza kugulitsa Lolemba ukusekerera kuti ndapindula, Lachisanu ndalama yomweyo yonse ndi phindu lomwe siikwananso kuoda chinthu chomwecho. Nchifukwa chake ife mtengo sitiwerengera kuti ndinagula zingati, timawerengera kuti ndikabwerera ndikagula zingati, ndipo makasitomala apa ndipamene samatimvetsa, amati koma munagula kale zisanakwere. Eya ndinagula kale, nanga mawa ndikaoda ndi chani?

Ogula pa mtengo wa moto uja alipo mitundu iwiri. Mabwana ogulira ana, amenewo sanenerera koma ndi ochepa ndipo amafuna warante imene iwe ulibe, chinthu chikafa pano kuti chikakonzedwe chiyenera kubwereranso ku Joni, ndi magetsi athu othimathimawa ndimawauza kuti mugulenso kachotetezera magetsi apo ayi musandiimbire. Ena ndi anyamata a mashopu a magemu m'makwalalamu, olipiritsa pa gemu imodzi ya FIFA, amenewo amawerenga bwino kuposa ife, ambiri anakhalabe pa PS4 mpaka mitengo itatsika chifukwa mwana wa ku Ndirande kapena kwa Chinsapo salipira kawiri poti makina ndi atsopano. Ndipo amenewa ndi amene amandidyetsa mpaka lero, osati pa makina koma pa ma pad, chifukwa timitengo tija timatha msanga, ma cable, madisiki ogwiritsidwapo kale ntchito, ndi ma voucher ogulira magemu pa intaneti poti ambiri kuno akaunti zawo anatsegula ngati ali ku South Africa kapena ku America. Zimenezi nzopepuka, sizitsika mtengo usiku umodzi, ndipo munthu amabweranso mwezi wamawa.

Masewera a kusowa aja amabwerabe. PS5 Pro itatuluka mu Novembala 2024 pa $699 inabwera yopanda polowetsa disiki, nde anyamata osesa katundu pa intaneti aja anathamangira kusesa ka disc drive kogula padera ka $79, ndiko kanasowa. Ine sindinakakhudze.

Ngati mukufunadi kuyamba, musatenge ngongole ya katapila kapena ya banki mkhonde kukaodera makina atsopano. Pezani kaye munthu woti akufuna, apereke theka, mugwirizane kuti mtengo womaliza tiona reti ya tsiku logula, mulembe pa WhatsApp asadzakane. Ulendo woyamba tengani ma pad anayi kapena asanu muone mmene boda imayendera. Ine ndinyamuka mwezi ukatha, ngati pasipoti yanu ili bwino tiyeni limodzi, koma chitenje chokutira mubweretse chanu.