Phazi lichoke pa klachi

Mayi wina wa ku Katete wandilembera imelo. Ali ndi Toyota Corolla ya magiya apamanja, ndipo akuti akamakwera chitunda kapena akamayenda pang'onopang'ono m'chipwirikiti cha ku Kapata, m'tauni ya Chipata, amamva fungo la chinthu chopserera. Amalume awo anawaphunzitsa kuti phazi lizikhala pa klachi nthawi zonse, komanso kuti potsetsereka aziiponda kuti asawononge mafuta. Akufunsa chimene chalakwika.

Amayi, chikupsacho ndi klachi puleti. Puletiyi imakhala yopanikizika pakati pa fulayiwilo, chitsulo chozungulira cha injini, ndi puresha puleti, chitsulo choipanikiza. Mukaponda mpaka pansi, injini ndi giyabokosi zimalekana. Mukachotsa phazi, zimagwirana zolimba. Zonsezi zilibe vuto. Chimapha klachi n'chapakatikati: phazi likangotsamira pang'ono, puleti imakhulana ndi chitsulo chozungulira, n'kumatentha, n'kumadyeka ngati nsapato yokwekwesedwa patala.

Posintha giya, chotsani phazi pa mafuta, pondani klachi mpaka pansi, lowetsani giya osalimbana nayo, kenako bwezani phazi mosathamanga uku mukuwonjezera mafuta. Mukatero phazi lakumanzere lipite pambali likapume. Giya ikalira kuti khrrr, kawirikawiri ndiye kuti simunafikitse pansi.

Mukaima pachitunda musagwire galimoto ndi klachi. Kokani handibuleki. Ponyamuka ikani giya 1, tulutsani klachi mpaka mumve injini ikusintha mawu ndipo galimoto ikufuna kudziguza, ndiyeno tsitsani handibuleki. Akumbuyo akaliza hutala, alekeni alize. Puleti yatsopano sadzagula ndi iwo. Ku Kapata nako, njinga zikatseka njira, ikani pa fili, galimoto isakhale m'giya, mudikire.

Za kutsetsereka zija, amalume andikhululukire, n'zoopsa. Taganizirani zitunda ndi makona a Great East Road pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Galimoto ikakhala m'giya yotsika, 3 kapena 2, injini imaigwira. Mukaponda klachi, katundu yense amatsalira mabuleki, amatentha, ndipo pofika pakona lachitatu mukhoza kuponda osamva kanthu. Ngakhale mafutawo simupulumutsa: magalimoto ambiri amakono amadula okha mafuta mukatsetsereka muli m'giya, phazi lili kutali ndi mafuta.

Yesani izi pamsewu wopanda anthu: muli m'giya 4, pondani mafuta mwamphamvu. Injini ikakuwa koma liwiro osawonjezeka, puleti yatha kale. Pitani kwa makaniko isanawononge fulayiwilo, ndipo muwauze aonenso beringi ya klachi poti giyabokosi ikhala itatsitsidwa kale.